Madzi a Olemekezeka ku Tse-Kyuve

"Chimene anthu anga amadya, ndi chimene ndimadya. Chimene amamwa, ndi chimene ndimamwa. Mwana akatsokomola kumudzi wakumapeto kwenikweni kwa dera langa, ine ndimamva kuwawa pachifuwa pangapa!"

Amene ankayankhula choncho pa wailesi anali Olemekezeka Terhemba Iorkyaa, phungu wathu kunyumba ya malamulo ya chigawo. Ndinawamva ndili m'galimoto yanga yogulitsa madzi, ndipo ndinaseka mpaka kuphonya giya. Kunyumba kwawo ndinathirako madzi kangapo. Galu wawo amamwa odutsa m'masefa awiri.

Kuseka kwangako kunali kwa mano okha. Ku Tse-Kyuve, kumene anakwatiwa achemwali anga a Nguveren, anthu amamwera dziwe limodzi ndi ng'ombe. Achemwaliwo ndiwo mtsogoleri wa amayi m'mudzimo, ndiye kwa chaka chathunthu ankaimba nambala ija Olemekezeka anaimata pamtengo uliwonse nthawi ya kampeni. Yankho linali limodzi: bwana ali pamsonkhano. Munthu wamisonkhano chonchi, mpando uyenera kuti unamumera kumbuyo. Kenaka mwana wa achemwaliwo, Doofan, wa zaka zinayi, anayamba kutsegula m'mimba Lachiwiri. Lachisanu tinamuika m'manda. Olemekezeka anatumiza thumba la mpunga, nkhope yawo ikumwetulira pathumbapo.

Patapita miyezi isanu ndi umodzi, zisankho zitayamba kununkhira, pamalo athu oimikapo magalimoto anandipeza a Sesugh, mlembi wa Olemekezeka, bambo wovala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

"Iwe, galimoto yakoyi imanyamula madzi ochuluka bwanji?"

"Zimatengera wofunsa, bwana. Kwa apolisi imakhala yopanda kanthu."

"Siya zachibwana. Ku Tse-Kyuve ukukudziwa?"

"Ndinangokumva, bwana. Akuti kuli anthu."

Anandikokera kuseri kwa galimoto. Nkhani yake inali iyi. Olemekezeka anatumizadi okumba mjigo kumudziko, koma atakumana ndi thanthwe anapakira zitsulo zawo nkumapita. Thanki yokha ndi imene inakwezedwa pamwamba, ndi mpopi pansi pake, ndi chithunzi cha bwana chachikulu kuposa thankiyo. Tsono Loweruka kunali mwambo wotsegulira, a kanema akubwera.

"Lachisanu ndi tsiku la msika wa zilazi, m'mudzi simukhala anthu. Ukadzaze thankiyo ndi madzi oyera a m'tauni muno. Ukatero, pakamwa utseke."

"Nanga madziwo akadzatha, bwana?"

"Akadzatha ndiye kuti mjigo wawonongeka. Mijigo siwonongeka kodi?"

"Imawonongeka zedi, bwana. Ina imawonongeka isanabadwe."

Anandiponyera ndalama za manaira m'manja osafunsa ngakhale dzina langa. Akanafunsa, mwina akanadziwa kuti maliro a thumba la mpunga aja, amene ananyamula kabokosi ndinali ine.

Lachisanu ndinafika kumudziko dzuwa lili paliwombo, galimoto itadzaza. Achemwali sanapite kumsika. Chimwalirireni Doofan sapitapita pagulu. Ndinawapeza akusenda zilazi pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinawafotokozera zonse, ndikuyembekeza kuti atukwana. Sanatukwane. Anangopitiriza kusenda.

"Madzi a m'tauniwo ali m'galimotomu?" anafunsa.

"Oyera ngati maso a wansembe, achemwali."

"Tsitsira m'migolo mwathu. Amayi atsala m'mudzi muno abwera ndi ndowa. Ukatha, upite kudziwe."

"Kudziwe kukatani?"

"Iwe Wase mlongo wanga, unasiya sukulu, koma mutu sunausiye m'kalasi. Iwo amamwa chimene timamwa. Si mmene ananenera?"

Olemekezeka ali ndi anyamata awo, aja amavala magalasi akuda ndi kumvula komwe. Ndinati, "Achemwali, ndikachita zimenezo, m'tauni muja sindidzagulitsanso ngakhale kapu imodzi ya madzi. Mwinanso miyendo iyi adzaiwerenga payokhapayokha."

Anaika mpeni pansi nkundiyang'ana.

"Doofan ankakuitana kuti chiyani?"

Ankandiitana kuti malume. Ndinakaliza galimoto.

Dziwelo linali litaphwa mpaka kutsala pakati pokha, lobiriwira, m'mphepete muli ndowe ndi mapazi a ng'ombe. Kumapeto kwa paipi yanga yopopera kumakhala kasefa koletsa zinyalala. Ndinakamasula nkukaika m'thumba. Makina anakoka zonse mosasankha, matope, ndere, ndi ana a achule omwe. Thanki ya Olemekezeka inadzaza mpaka kukamwa. Ndipo ife a madzi timadziwa chinthu chimodzi chimene aphungu sadziwa: madzi akagona m'thanki, zolemera zonse zimatsikira pansi, ndipo mpopi umayambira pansipo.

Loweruka anafika ndi magalimoto asanu ndi awiri. Panali matenti, mipando yapulasitiki, ng'oma, ndi amayi ovina atavala nsalu yathu ya mizere yakuda ndi yoyera. Olemekezeka nawo anaikoleka paphewa, ili ndi mapindo a m'sitolo. Ine ndinaima kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi njira yolowera m'munda wa chinangwa. Munthu wanzeru amayamba waona pothawira.

Anayankhula ola lathunthu. Anatchula mudziwo molakwika kawiri. Anati iwo sagona tulo chifukwa cha ludzu la anthu awo, anati telefoni yawo sizima, anati lero misozi ya amayi yauma. Anthu ankawomba m'manja paliponse pamene a Sesugh awomba.

Kenaka inakwana nthawi yodula riboni. Achemwali, monga mtsogoleri wa amayi, anabwera kutsogolo ndi chikho, nkugwada bwinobwino pafupi ndi mpopi. A kanema anasendera. Mmodzi anaimika chinkuzamawu pakamwa penipeni pa Olemekezeka kuti dziko lonse limve mawu awo oyamba.

Olemekezeka anapotokola mpopi.

Unatsokomola kawiri, kenaka unalavula. Zinatuluka zinali zofiirira ngati mowa wa mapira, zokhuthala, ndi fungo limene aliyense wa m'mudzimo analizindikira nthawi yomweyo. Ng'oma zinasiya imodziimodzi. Achemwali anadikira mpaka chikho chitadzaza, anaimirira, nkuchipereka ndi manja awiri.

Kwathu kuno, wobweretsa chakumwa ndiye amayamba kulawa pamaso pa onse. Ngakhale mowa wa paukwati, mwini wake amayamba wamwako, kuti anthu aone kuti mulibe choipa. Kukana ndi kuvomera kuti wabweretsa imfa. Akuluakulu a m'mudzi anali atakhala kutsogolo, ndodo zili pakati pa miyendo, akudikira.

"Imwani, bambo athu," anatero achemwali mofatsa, koma chinkuzamawu chinawatola. "Ndi madzi anu. Mwana wanga Doofan anamwa omwewa."

Olemekezeka anayang'ana m'chikhomo. Kambululu kamodzi kanayandama, nkugwedeza mchira, nkubwerera pansi. Anakweza chikho mpaka pachibwano. Anachitsitsa.

"Imwani, Olemekezeka!" anakuwa wina kumbuyo. Mwina ndinali ine.

"Imwani! Imwani!" gulu lonse linalandira, amayi akuwomba m'manja motsatira.

Olemekezeka anayesanso kachiwiri, fungo nkuwamenya m'mphuno. Chikho chinagwa, matope nkuwazira nsapato zawo zoyera. Anatembenukira kwa a Sesugh, maso ali psuu, ataiwala chimene chinali pakamwa pawo, ndipo mawu awo anatuluka m'zinkuzamawu zonse za pamwambopo mpaka kukamveka kudziwe:

"Chitsiru iwe! Sindinakuuze kuti m'thankimu muthiridwe madzi a m'tauni?"