Dziko Lina Lake

Ine ndine telala, za misonkhano ya maboma ndinkangozimvera pa wailesi. Chomwe ndinkadziwa n'chakuti bambo a kunyumba, dalaivala wa thiraki, anawagwira m'dziko loyandikana nalo, ndipo chaka chinali chitatha ali m'chitokosi osaonekera kukhoti. Akuti katundu amene ananyamula analibe mapepala okwanira. Mwini katunduyo ali phee kwawo, akunenepa.

Amene ananditenga kupita kumsonkhano ndi a loya a kubungwe loona za ufulu wa anthu, mayi wamfupi woyenda ngati wasiya mwana pamsewu. Anati nduna za mayiko a m'chigawo chathu zikukumana, ndipo mabungwe omwe si aboma amapatsidwa kamphindi kolankhula.

"Koma mayi, pali lamulo," anatero a loya tili m'basi. "Musakatchule dziko. Mukangotchula, wapampando azimitsa maikolofoni. Dzina la bambo nalonso ayi, angawazunze."

"Nanga ndikadandaula chiyani? Munthu wakuponda chala, iwe uziti phazi lina lake landiponda?"

"Ndendende. Muziti dziko lina lake. Mabomawa anagwirizana kuti asamachititsane manyazi pagulu."

Ndinaseka, koma ndinali nditakwiya. Manyazi a nduna ndiye ofunika kuposa nthiti za mwamuna wanga zogona pasimenti?

Kuholoko anativeka mabaji achikasu n'kutikhazika kumbuyo, pafupi ndi khomo. A boma anali ndi abuluu, dziko lililonse ndi tebulo lake ndi kambendera kake. Maso anga sanakhazikike. M'kachipinda kagalasi munali anthu awiri omasulira, akulankhula okhaokha ngati amisala, ndipo aliyense m'holomo anavala timahedifoni. Ndinkadzifunsa kuti kodi kulira nako amakumasulira bwanji.

Nthawi yanga itakwana, ndinaimirira. Ndinanena kuti m'dziko lina lake muli dalaivala amene watha chaka m'chitokosi popanda mlandu kuzengedwa, ndipo mwana wake wamng'ono akamva thiraki ikudutsa amathamangira kumsewu. Ndinanenanso zina, sindikuzikumbuka. Koma ndikulankhula ndinaona chinthu chodabwitsa. A dziko lenilenilo anangokhala duu, akumwa madzi. Amene ankanong'onezana ndi kukandakanda m'mutu anali a matebulo ena, anthu oti sindinawalakwire ndipo sanandilakwire.

Pa nthawi ya tiyi a loya anandiimika pafupi ndi makapu.

"Musachoke pano. Msonkhano weniweni umachitikira apa."

Sipanapite nthawi, kunabwera mayi wa baji yabuluu, wonunkhira bwino. Anathira shuga, akutakasa osandiyang'ana.

"Amuna anuwo ndi aja akudwala chifuwa?"

"Ayi mayi, si kwanu," ndinayankha. Anapuma ngati watula katundu n'kuchoka msangamsanga, tiyi osamwa.

A loya ananditsina pamkono mpaka ndinamva kuwawa.

"Musamawamasule. Amene wabwera kudzafunsa ndiye kuti kwawo aliko wake. Asiyeni aziganiza kuti ndi iwo."

Apa ndiye mutu unanditseguka. Ndinayang'ana m'holomo, masuti onsewo, ndikudzifunsa kuti kodi madalaivala otsekeredwa alipo angati m'chigawo chino, ndipo akazi awo ali kuti.

Wachiwiri anali bambo wamtali wa imvi. Anandipatsa moni mwaulemu, kenako anatsitsa mawu.

"Chitokosi mumanenacho, mayi, ndi chija chili pafupi ndi sikelo yoyezera mathiraki?"

Sikelo imeneyo sindinkaidziwa n'komwe. Ndinawayang'ana m'maso.

"Bambo, lamulo lanu lomwe likundiletsa kutchula."

Anagwedeza mutu, natulutsa foni akupita panja. Ine maso anali pa a dziko lenileni aja. Anadutsa pomwepo, anatenga mabisiketi, nauza a loya kuti nkhani zoterezi zimafuna kuunika mofatsa. Ndinalakalaka kuwathira tiyi m'makosi mwawo.

Ndinabwerera kumakina anga. Apongozi ankabwera m'mawa uliwonse kudzafunsa ngati nduna zayankha, ine ndinkangoti ayi amayi, tidikire. Nyengo yozizira inalowa.

Tsiku lina masana, ndikusoka mayunifolomu a sukulu, foni inalira. Anali mayi wolankhula chinenero chathu mokoka, zoonekeratu kuti ndi wa dziko lina. Anati nambala yanga anaipeza kubungwe kuja.

"Ndinu munakalankhula kumsonkhano? Amuna anga atuluka, achemwali. Iwo ndi anzawo ena. Anali kuchitokosi cha pasikelo. Akuti bwana wina anabwera atakwiya, akuti dziko latchulidwa pamaso pa nduna."

"Sindinatchule dziko ine."

"Kaya, koma atuluka." Ankaseka uku akulira, kumbuyo kukumveka phokoso la ana.

Ndinakondwa, sindinama. Koma nsanje nayo inandigwira. Mawu anga, manyazi anga, misozi yanga, zonsezo zinakatsegula chitseko cha mwamuna wa mwini.

"Nanga anu anafika liti?" anafunsa mayiyo. "Bambo kuno akufuna awapatse moni, dalaivala mnzawo."

"Sanafike. Ali dziko lina, si kumeneko."

Kuseka kuja kunatha. Ndinamumva akutontholetsa ana aja.

"Pepani achemwali, ine ndimayesa..."

"Palibe chopepesa. Apatseni foni bambowo."

Kunabwera mawu a mwamuna, osasa, otopa. Anayamba kuthokoza, koma ndinawadula.

"Bambo, ndingofunsa chimodzi, inu mwakhalamo mukudziwa. M'malo oterowo, kukazizira chonchi, amapereka bulangeti?"

Bambowo anati, "Mayi, mukapeza wopita kumeneko, atumizireni."