Tsiku Lomwe Ndinaluma Bakha

Ndinagwira ntchito yotsuka anthu mano kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri pachipatala china cha mano kuno mumzinda wa Duluth, ndipo nthawi yonseyo ndinkadzitenga ngati katswiri wocheza. Ndinkafunsa odwala za ana awo, za agalu awo, za komwe apite patchuthi, iwo ali gada pampando, kukamwa kuli yasa, tizitsulo tanga tiwiri ndi kapaipi koyamwa malovu zili m'kati. Munthu akangoti "aaa", ine ndinkamaliza ndekha yankho lake n'kupita pa funso lina. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anadandaulapo.

Chinandichotsa pantchitoyo ndi khosi komanso dzanja lamanja. Kuwerama tsiku lonse kunandipinda, mpaka m'mawa wina ndinalephera kutsegula botolo la jamu. Ndinalembetsa kusukulu ina yophunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta m'masabata khumi ndi anayi, ya anthu ngati ine ofuna kusintha ntchito imvi zitayamba kale. Anzanga kuchipatala ananditsanzika ndi keke yopanda shuga. Dokotala mwini malowo anandigwira paphewa n'kunena kuti andisungira mpando wanga mpaka kutha kwa mwezi wamawa, chifukwa ambiri amabwerera. Mawu amenewo anandiwawa kuposa khosi lija, ndipo ndinalumbira chamumtima kuti sindidzasuzumiranso m'kamwa mwa munthu.

Sukuluyo inatitumizira ntchito yokonzekera ya masabata atatu. Ndinagula makope asanu, zolembera zamitundumitundu ndi mpando watsopano, n'kulanda tebulo lodyera. Amuna anga a Gordon ankadyera chiimire pafupi ndi sinki. Madzulo aliwonse ndinkawafotokozera zomwe ndaphunzira, n'kuwafunsa ngati amva, n'kuwayamikira kuti ndi munthu womva msanga.

Tsiku loyamba mphunzitsi wathu, mayi wina wachitsikana dzina lake Marisol, anapatsa aliyense kabakha kalabala, kachikasu, kaja ana amaseweretsa posamba. Anati umenewu ndi mwambo wa olemba mapulogalamu: pulogalamu ikakana kuyenda, usanavutitse munthu uzimufotokozera kaye bakha mzere ndi mzere, ndipo nthawi zambiri cholakwikacho umachiona wekha uli m'kati molankhula. Anzanga anachita manyazi, ena ankangonong'oneza bakha wawo akuyang'ana uku ndi uku. Ine ndinangomva ngati ndafika kwathu. Bakhayo anali wodwala wabwino kuposa onse amene ndinawagwirapo: salavula, sanjenjemera, ndiponso sanama kuti amatsuka mano kawiri patsiku.

Mwambo wachiwiri ndi umene unandiika m'madzi. Ntchito yonse inkachitika awiriawiri pakompyuta imodzi, wina akutaipa wina akulondolera, kenako n'kusinthana. Lachisanu la sabata yachiwiri kunali mayeso a ola limodzi mphunzitsi ali chapompo, ndipo olephera ankawabweza kuti adzayambirenso ndi gulu lina pakatha miyezi inayi. Kwa ine miyezi inayi inkatanthauza kubwerera kumpando uja, dokotala akumwetulira.

Anandiphatikiza ndi a Wendell Tibbetts, chimunthu chachitali chandevu zophimba pakamwa, amene anakhala zaka zambiri akuyendetsa chigalimoto chokankha chipale chofewa m'misewu mpaka mawondo atawakana. Sankalankhula. Nthawi zina ankapumira m'kati kwambiri n'kukweza chala chimodzi, ine n'kumati akuvomereza. Iwo akamataipa ine ndinkalankhula, ndipo ine ndikamataipa ndinkalankhulanso. Kunyumba ndinauza a Gordon kuti bambowo ndi abwino koma m'mutu mulibe kanthu, ndikungowabereka kumsana.

Lachitatu Marisol anandiitanira pambali pafupi ndi makina a khofi.

"A Lorraine, kodi a Wendell akuti bwanji pa momwe mukulembera?"

"Akugwirizana nazo zonse," ndinatero.

"Munawafunsa?"

"Kambirimbiri."

Anandiuza mosapsatira kuti pa anthu awiri pakamamveka mawu amodzi okha, onse awiri sakhoza, ngakhale pulogalamu itayenda bwino chotani. Ndinakwiya, chifukwa ndinkaona kuti wofunika kumudzudzula ndi amene salankhulayo. Ndinabwerera patebulo n'kuwalimbikitsa a Wendell kwa mphindi makumi awiri kuti azimasuka.

Lachisanu tinapatsidwa ntchito yooneka yophweka: pulogalamu yotumiza uthenga kwa anthu khumi olembedwa pamndandanda, yowakumbutsa za tsiku lokaonana ndi dokotala. Ndinaseka, poti uthenga wotere ndinautumizapo kosawerengeka. Tinalemba, tinayesa, mauthenga anapita asanu ndi anayi. Munthu woyamba pamndandandawo sanalandire kanthu. Tinayesanso, chimodzimodzi. Ndinafufuta, ndinalembanso, ndinanyoza kiyibodi, ndinafotokozera bakha kuyambira pamwamba mpaka pansi, koma tsikulo bakha sanandithandize. Marisol anali kumbuyo kwathu akulemba zinthu papepala, ndipo panangotsala mphindi khumi.

"Inu mukuona bwanji, a Wendell? Eya, inenso ndikuganiza choncho, tiyambirenso pamwamba."

Ndikunena zimenezo ndinawacheukira, n'kuona chala chija chili m'mwamba ndi maso awo ali pa ine. Maso amenewo ndinkawadziwa. Ndinawaona tsiku ndi tsiku kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri akundiyang'ana kuchokera pampando, maso a munthu amene ali ndi yankho koma alibe polowetsera. Ndinaganiza zokhala chete, ndipo ndinakhaladi chete, mwina masekondi atatu, kenako ndinangomva pakamwa panga payambanso pokha kufotokoza kuti ndakhala chete dala kuti iwo alankhule.

Panalibenso nthawi yophunzira khalidwe latsopano. Ndinatola bakha uja n'kumuponya m'kamwa, mutu m'kati mchira kunja, n'kuluma. Analira kuti "kwiii", ndipo kalasi yonse inatembenuka.

A Wendell sanafulumire. Anadikira ngati munthu wa pamphambano amene sakukhulupirira kuti msewu ulibedi galimoto. Kenako anatsitsa chala.

"Kompyuta imayamba kuwerenga pa ziro, mayi. Inu mwayambira pa wani. Ndiye woyambayo mukumudumpha."

Ndinasintha nambala imodzi yokhayo, bakha ali chikhalire m'kamwa, malovu akufuna kutsika. Mauthenga anapita khumi.

Marisol anawapempha kuti apitirize, ndipo bambo aja analankhula. Mawu awo anali aakulu, odekha, ndipo ankadziwa pulogalamu yathu yonse kuposa ine amene ndinkailalatira. Anasonyeza malo ena awiri ofunika kukonza, ine ndikutaipa zomwe akunena. Ananenanso, mosafuna kundinyazitsa, kuti za ziro zomwezi ndakhala ndikulakwitsa kuyambira Lolemba, ndipo iwo ankakonza ndikapita kokatenga khofi. Manyazi omwe ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Amene ankaberekedwa kumsana ndinali ine.

Nthawi itakwana Marisol anatseka kope lake n'kunena kuti Lolemba tibwere tonse atatu, ine, a Wendell ndi bakha yemwe. Ndinasangalala kwambiri, moti ndikanatha kuimbira dokotala uja pomwepo kuti mpando wake apatse wina. Ndinakweza dzanja kuti ndichotse bakha.

"Dikirani kaye, musachotse," anatero a Wendell.

Anamwetulira koyamba chikumanirane, ndevu zija zinatseguka, ndipo ndinaona dzino lakutsogolo lobenthuka pakona ndi lina lachitsulo kumbuyo kwake chakumanzere. Nkhope sindisunga, koma mano sindiiwala. Bambowa anagona pampando wanga kawiri pachaka kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

"Mwandikumbukira tsopano," anatero. "Ulendo uliwonse munkandifunsa za galu wanga. Munkati wakula bwanji, kenako munkati wakalamba, chaka china munandipepesa kuti wafa. Mayi, ine sindinawetepo galu chibadwire. Agalu amandiyetsemulitsa."

Ndinafuna kupepesa, ndinafuna kufotokoza, ndinafuna kufunsa kuti nanga galu uja anali wa ndani. Zonsezo zinafika pakhosi n'kukumana ndi bakha.

"Aaa," ndinatero.

A Wendell anagwedeza mutu mwaulemu, akutola jekete lawo.

"Eya," anatero. "Inenso ndikuganiza choncho."