Masiketi Mbwee, Malaya Palibe

Patebulo lodyera panalibenso poika mbale. Panali makolala, manja a malaya ndi mabatani mbwee! Pakati pa zonsezo panakhala mayi a Mapasa, maso ali psuu, akulimbana ndi ulusi wokana kulowa pasingano.

Mayiwa anali wapampando wa gulu la amayi osoka zovala. Gululi linali litapeza ntchito yake yoyamba yaikulu, yosoka yunifolomu ya ana a sukulu ya mkaka yapafupi. Mphunzitsi wamkulu ananeneratu mosapsatira kuti zovalazo zikapanda kutha pofika tsiku lotsegulira sukulu, ntchitoyo apatsa matelala ena ndipo sadzabweranso. Tsikulo linali litayandikira, koma yunifolomu yathunthu panalibe ngakhale imodzi.

"Mayi a Mapasa," anatero amuna awo ataima ndi mbale m'manja, "kodi lero tidyera pakolala kapena pabatani?"

"Musandiseke, bambo. Anzangawo akungosoka masiketi ndi makabudula poti n'zosavuta. Masiketi afika kudenga, malaya palibe. Ndiye nditani? Ndisoka ndekha."

Kunena zoona, mayiwa ankamvetsa chisoni. Anali munthu wabwino mtima, woopa kukhumudwitsa mnzake, ndipo m'mawa uliwonse mawu awo kugulu anali amodzimodzi: "Tiyeni tilimbikire, amayi!" Amayiwo ankalimbikiradi, aliyense pa chimene chamukomera.

Nkhani ili mkati, kunamveka odi. Anali aneba awo, kapitawo wa amisiri omanga nyumba, atabwera ndi thalauza long'ambika pabondo. Atamva za vutolo anaseka mpaka kugwirira chitseko.

"Ine nditangowauza amisiri anga kuti 'limbikirani' basi, ndingakapeze khoma limodzi lafika kumitambo, nyumba ilibe khomo! Amayi, anzanuwo si aulesi. Kodi akudziwa kumene mukulowera?"

"Akudziwa kuti tikusoka yunifolomu."

"Ya ana angati? Ithe liti? Nanga makolala ndi a ndani?"

Mayi a Mapasa anaika singano pansi n'kutchera khutu.

"Ife tisanaike njerwa timakoka chingwe, kuti aliyense aone pamene khoma lidutse," anapitiriza a kapitawo. "Kenako timagawana: uyu matope, uyu njerwa, uyu mazenera. Poweruka timazungulira limodzi kuona pomwe tafika. Mtsogoleri akatanganidwa n'kunyamula yekha njerwa zonse, chingwecho ayang'ana ndani?"

"Nanga akakandikwiyira?"

"Mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma musakawalamule ayi, mukagwirizane nawo."

M'mawa mwake amayi a gulu anapeza zachilendo m'chipinda chawo chosokera. Wapampando anali atamanga chingwe kuchokera pazenera mpaka pachitseko, n'kukolekapo mahang'ala opanda kanthu.

"Awapampando, mwayamba geni ya mahang'ala?" anafunsa a Sizasi, mayi wodula nsalu, amene pakamwa pawo panali pakuthwa ngati dzina lawolo.

"Hang'ala iliyonse apa ndi mwana mmodzi wa sukulu ija," anayankha wapampando. "Siketi yokha sikwera pachingwechi. Pazikwera malaya ndi siketi kapena kabudula wake, mabatani ali pomwepo, zositasita. Ndikupempha kuti sukulu isanatsegulidwe pasatsale hang'ala yosavala. Mukuona bwanji? Ndipo makolala andikanika ndekha."

"Makolala?" anakuwa a Sizasi. "Bwanji osanena! Ife timati mumawakonda, poti tsiku lililonse mumathawa nawo kunyumba ngati mwaba!"

Chipinda chonse chinafa nacho chiseko, ndipo wapampando anaseka nawo mpaka misozi. Pomwepo anagawana ntchito, aliyense akunena yekha chimene dzanja lake limatha: awa makolala, awa manja, awa mabowo a mabatani, awa kusita. Wapampando anasiya kuzemba ndi ntchito. Ulusi ukatsala pang'ono, ankathamangira wina usanathe. Makina a mayi wina atayamba kudumphitsa ulusi, anaitana wokonza tsiku lomwelo. Poweruka onse ankaima pachingwe kuona mahang'ala otsala, ndipo gawo lina likatsalira, amene amaliza zawo ankapita kukathandiza.

Tsiku lotsegulira sukulu, amayiwo anaima pageti kuonerera tiana tikulowa, aliyense atatchena, kolala ili njo! Chimwemwe chinawagwira moti a Sizasi anayamba kuimba nthungululu.

"Chaka chamawa musayembekeze kuti ndikufunseni," anatero mphunzitsi wamkulu akugwira chanza wapampando. "Ntchitoyi ndi yanu."

Utsogoleri si kusenza wekha ntchito yonse, komanso si kungouza anthu kuti alimbikire. Mtsogoleri wabwino amagwirizana ndi anzake cholinga chooneka bwino ndi nthawi yake, amagawa ntchito, amachotsa zopinga, n'kumaona nawo limodzi pomwe afika. Anthu akadziwa kumene akupita, amakafika.