Mawu a Pakhoma la Chitsime

Anthu ankawaitanabe kuti mayi a mapasa, ngakhale mmodzi wa mapasawo anali atagona kumanda miyezi iwiri yapitayo. Palibe amene analimba mtima kusintha dzinalo. Tsopano wotsalayo, kamtsikana ka zaka zitatu, nako kanali katayamba kutsegula m'mimba, maso kulowa m'kati monga anayambira m'bale wake.

Mayiwa ankadyera ntchito yochapa zovala za anthu. Chitsime chinali kuseri kwa mdadada wa nyumba za lendi, pafupi ndi khomo lawo. Ankachapira pomwepo, madzi akumwa kutunganso pomwepo, pakuti mpopi unali kutali, kutsidya kwa msewu waukulu. Pakhoma la simenti lozungulira chitsimecho panali mawu a penti yofiira: CHITSIME ICHI SICHIDZATSEKEDWA. Analemba ndi a khansala ndi dzanja lawo nthawi ya kampeni, itamveka mphekesera yoti a khonsolo akufuna kuchikwirira. Anthu anawapatsa dzina loti a Sabwerera, chifukwa pamsonkhano uliwonse ankadziguguda pachifuwa kuti iwo akanena anena. Tsiku lolemba mawuwo, amene anawagwirira chitini cha penti anali mayi a mapasa, ndipo nthungululu yawo inamveka mpaka kumsika.

Ndiye itafika nkhani yoti a Sabwerera omwewo abwera Loweruka kudzatseka chitsime, mayiwa anapsa mtima kwambiri. Mwana ataya kale, kenaka ntchito aitayenso? Andale ndi choncho, anatero mumtima, akakhuta mavoti amaiwala khomo lomwe anagogoda.

Lachinayi m'mawa kunabwera mlangizi wa zaumoyo, mayi wamfupi wa nsapato zakutha zidendene chifukwa choyenda khomo ndi khomo. Anamuyang'ana mwana uja m'maso, n'kumutsina pang'ono khungu la pamimba. Anasungunula paketi ya mchere ndi shuga m'madzi owiritsa, nati mwanayu apite kuchipatala lero lomwe. Kenaka anayala pepala pampando. Panali patajambulidwa nyumba zonse za m'deralo, ndipo nyumba iliyonse yomwe munadwala mwana inali ndi kamtanda. Timitandato tinaunjikana mozungulira chitsime. Kutsidya kwa msewu, kwa anthu omwera pampopi, kunalibe n'kamodzi komwe.

Mlangizi anafotokoza modekha kuti madzi anakawayeza kawiri. Kale analidi abwino, ndipo a khansala sananame pamene ankalemba pakhoma paja. Koma chaka chatha kumtunda kunamangidwa nyumba zatsopano, zimbudzi zake n'kukumbidwa pafupi, ndipo mvula itagwa zoipa zinayamba kutsikira pansi mpaka m'chitsime.

Mayi a mapasa anaona kamtanda ka panyumba pawo. Anadzuka, natenga timakapu tiwiri tapulasitiki ta mapasa aja pashelefu, kofiira ndi kobiriwira.

“Ndiye mukundiuza kuti mwana wanga ndinamupha ndekha?” anafunsa. “Ndinkamumwetsa ndi kakapu kofiira aka. Akamalira ludzu, ine kumuwonjezera.”

“Simunadziwe, mayi,” anayankha mlangizi. “A khansala nawonso sanadziwe. Koma lero tonse tadziwa, ndipo mwana uyu akadali moyo.”

Mawuwo anawapweteka kuposa tsiku la maliro. Kukwiyira a khansala kunali kopepuka. Kuvomera pepala lija kunali kolemera. Komabe anabereka mwana wawo n'kupita naye kuchipatala, akulira njira yonse.

Loweruka pachitsime panadzaza anthu. A khansala anafika opanda chinkuzamawu, opanda oimba, atangonyamula chitini cha penti yoyera ndi bulashi. Anthu anawalandira ndi chipongwe. Ena ankati bilimankhwe wafika, ena ankati agulidwa, ndipo wowotcherera zitsulo wa pakona anafunsa ngati dzina lija alisiya kunyumba kapena aliiwala m'minibasi. Gulu linaseka, koma kunali kuseka kowawa.

A khansala anadikira phokoso lizizire.

“Mawu awa ndinalemba ndine,” anatero. “Pepala la a zaumoyo ndaliwerenga katatu, kufunafuna polakwika kuti ndisachite manyazi pamaso panu. Sindinapapeze. Ndakapempha kukhonsolo kuti paipi ifike mbali ino, ndipo avomera. Pachisankho mukafuna kundichotsa mudzandichotse. Koma sindingayendenso pamaliro a mwana pofuna kusunga dzina.”

Atawerama kuti atsegule chitini, wowotcherera zitsulo uja anachikwatula, nati pakhomapo sipakhudzidwa. Anthu anayamba kukankhana. Apo m'pamene mayi a mapasa anatulukira kutsogolo, mwana ali kumbuyo, bandeji ya diripi ikadali padzanja. Onse anawapatsa njira, poganiza kuti abwera kudzawalalatira a khansala.

“Achimwene, ndipatseni chitinicho,” anatero chapansipansi kwa wowotcherera uja. “Chofiira chija ndinagwira ndine. Ichinso ndigwira ndine.”

Bamboyo anayang'ana mwanayo, nayang'ana pansi, n'kupereka. Mayiwa anaima pamalo pomwe anaima tsiku lija, chitini m'manja. A khansala anaviika bulashi, nayamba kufuta chilembo chimodzichimodzi. Penti yofiira inkaonekerabe, ndiye anabwereza kawiri. Panalibe nthungululu. Misozi ya mayiwa inkangodontha, ndipo sanaipukute chifukwa manja onse anali pachitini.

Chitsime anachivundikira ndi simenti tsiku lomwelo. Milungu isanu yotsatira inali yowawa. Mayi a mapasa ankawoloka msewu ndi zidebe kasanu ndi kamodzi patsiku, ndipo makasitomala awiri anawathawa chifukwa zovala zinkachedwa. Kenaka paipi inafika, mpopi unaikidwa pafupi ndi khoma loyera lija. Mvula yotsatira itagwa, pepala la mlangizi linalibe kamtanda katsopano. Kamtsikana kaja kanachira, kanayambanso kuthamangitsa nkhuku za aneba.

Pampopipo anthu ena amawasekabe a khansala, amati a Sabwerera anabwerera. Mayi a mapasa akamva zimenezo amatseka mpopi kaye.

“Muwasiye,” amatero. “Mtsogoleri akamva zoona zatsopano n'kusintha maganizo, si bodza limenelo, ndiye utsogoleriwo. Woopsa ndi uja amaona umboni n'kuumirirabe kuti anthu asamuseke. Kwathu kakapu kofiira kanakhala pashelefu, palibe womwera. Akanaumirira mawu awo aja, bwenzi kobiriwiranso kali pomwepo, kopanda womwera.”