Anandikhwatcha Ngati Sodiyamu

Maloto a dzulo masana, nditagona pa desiki, akundikwiyitsabe mpaka pano. Ndinalota ndikusambira m'botolo lalikulu la mu labu, m'madzi ozizira amchere. Siliva ndi kolorayidi anakumbatirana, n'kuyera ngati chambiko, n'kumira pansi. Sodiyamu ndi naitireti ankangoyandama, ine ndili pakati pawo.

Aphunzitsi athu a kemisitiri, a Mbewe, anatulukira ndi choko chachitali ngati nzimbe.

"Ag⁺ + Cl⁻ → AgCl, basi," anatero. "Machaji afanana mbali zonse. Amene akupezeka uku ndi uku osasintha ndi oonerera chabe. Timawakhwatcha."

Anakhwatcha sodiyamu, anakhwatcha naitireti, kenako anafika pa ine.

"Aphunzitsi, ine woonerera? Nanga achule aja m'dirowa mwanu anaikamo ndani?"

"Anaikamo Yamikani. Kalasi yonse ikudziwa."

Choko chija chinandidutsa pamimba, ndipo ndinadzidzimuka.

Tanthauzo lake sindikulidziwa, koma Yamikani wadya ulemu wanga mokwanira. M'mawa uno ndakadziulula kwa a Mbewe kuti achule aja ndinaikamo ndine. Andipatsa chikwakwa ndi bwalo lonse la mpira, ndipo ndikutchetcha pang'onopang'ono kuti aliyense andione.