Tsamba Lomaliza la Namondwe

Makina ometera anali akulirabe m'dzanja la wometa pamene mlamu wake analowa m'shopu, kabuku katsopano ka Namondwe kali m'khwapa.

"Alamu, mwakawerenga aka?"

"Musandiuze! Ndiwerenga mawa, mtima uli m'malo."

Wometayo anayamba kugula timabuku ta zithunzi ta Namondwe ali pasukulu. Namondwe anali ngwazi youluka, yopulumutsa anthu ku moto wa chigawenga chovala chigoba, chotchedwa Phulusa. Mwana wake woyamba atabadwa, wometayo anakangana ndi mkazi wake mpaka mkaziyo anagonja kuti mwana akhale Namondwe. Madzulo a tsiku limene mlamuyo anabwera ndi kabukuli, abale anali kudzasonkhana kuti amve dzinalo.

"Mawa mudzachedwa," anatero mlamu wake. "Wakutsina khutu ndi mnansi. Tsamba lomaliza lokha."

Wometayo anazimitsa makina n'kutsegula kabukuko. Patsambalo, Namondwe anali yekha m'chipinda. Anavula malaya ake a ngwazi, n'kutulutsa chigoba cha Phulusa pansi pa bedi. Anachivala akumwetulira.

"Bodza ili!" Anabwerera tsamba limodzi, kenako n'kukhala pansi. "Awiriwa sanaonekepo pa chithunzi chimodzi. Onse ndi amanzere. Moto ukabuka, iye amafika woyamba... Zaka zonsezi maso anga anali kuti?"

"Chikomekome cha mkuyu, alamu."

"Bwana," anadandaula munthu amene anali pampando, "mutu wangawu mwausiya theka."

Anamumaliza mothamanga, mzere wa pamphumi n'kupendekera, ndipo anatseka shopu.

Kunyumba pabalaza panali patadzaza kale. Apongozi ake anali pampando wabwino uja, manja ali pamaondo. Iye anawapatsa moni mogwada, n'kukodola mkazi wake kuti alowe kuchipinda.

"Dzina lija tisinthe," ananong'ona atatseka chitseko.

"Mwati chiyani?"

Anamuonetsa tsambalo. Mkaziyo analiyang'ana mwana ali pabere, nkhope yake osasintha.

"Ndiye ngwazi yanu ija ndi imene imawotcha nyumba za anthu?"

"Tsitsani mawu. Titchule lina lililonse. La malemu bambo anu, lija munkalifuna."

"Ndinalifuna, inde. Ndinalira pabedi pomwepa, inu mukuti palibe dzina loposa la ngwazi." Anakonza nsalu ya mwana. "Chibwerere kuchipatala ndikumuitana Namondwe. Akalira, Namondwe. Ndikamamusambitsa, Namondwe. Lero ndimuuze kuti ndinkaitana wina?"

"Anyamata a kushopu adzamuseka."

"Adzaseka inu. Uyu wawotcha nyumba ya yani?"

Wometayo anayang'ana mwanayo. Anali atasiya bere, kukamwa kuli yasa, kadontho ka mkaka kali pachibwano.

"Mwina kabuku kotsatira kanena kuti anali maloto chabe," anatero mofooka.

"Ndiye mwana wanga azidikira wojambula zithunzi kuti adziwe dzina lake?"

Chitseko chinagogodwa. "Ana inu," anali mawu a apongozi, "alendo si mitengo ayi. Kodi mwanayo ali ndi dzina kapena tibwere chaka chamawa?"

Panamveka kutsokomola kwa mlamu uja, kosakhala kwa chifuwa.

Mkaziyo analanda kabukuko n'kukaponya pamwamba pa kabati. Anapatsira mwamuna wake mwana, n'kutsegula chitseko.

"Tsogolani, bambo a Namondwe," anatero mokweza, kuti onse amve.

Pabalaza panaphulika nthungululu. Wometayo anatuluka atakumbatira mwanayo pachifuwa, ndipo apongozi atafunsa kuti dzinalo lachokera kuti, iye anayankha kuti alisankha ndi mayi a mwanayo.