Utuchi wa kwa Ba Inyambo

Ku Libuyu, kuseri kwa macheka a Ba Inyambo, kunali mulu wa utuchi wotalika kuposa nyumba. Eni ake ankauona ngati zinyalala, moti aliyense wobwera ndi thumba ankachita kumuthokoza. Clementina ndiye sankaphonya. Ankaweta nkhuku zanyama mazana awiri kuseri kwa nyumba yake, ndipo nkhuku zimenezi zikasowa utuchi wouma pansi zimagona m'zitosi zawo, n'kuyamba chifuwa, n'kumafa motsatizana. Chakudya cha ana ake ndi sukulu yomwe zinkachokera m'khola limenelo.

Amene anaonetsa Mukatimui njira ya kumuluko anali Clementina yemweyo, ndipo apa m'pamene pankamuwawa. Mukatimui, mnzake wa m'kwaya, anamva kuti panjira ya ku Simonga atsegula fakitale youmba makala a utuchi, ndipo akugula utuchiwo pasikelo. Ambiri anayesa n'kugwa ulesi. Utuchitu ndi wopepuka, umadzaza lole yonse sikelo osasuntha, phindu lonse n'kuthera dizilo. Wonyowa ankaubweza pageti pomwepo. Koma mayi uyu anali ndi mutu. Ankauyanika papulasitiki wakuda, n'kuupondereza m'matumba mpaka kulimba gwa, kenaka n'kuukweza pa lole ya mchenga imene inkapita chakumeneko yopanda katundu. Woyendetsa ankangolandira kachakumwa.

Pasanathe miyezi isanu Mukatimui anakhoma malata atsopano. Kenaka firiji. Firiji, abale, ya zinyalala! Clementina akamadutsa pakhomopo ankayang'ana kumbali, koma malatawo ankamuthobwa m'maso basi. Iye chaka chachisanu ichi akupala zitosi, manja akununkha, denga likudonthabe. Tisabise, inali nsanje, ndipo inamulowa mpaka chakudya kusiya kukoma.

Chimene chinamumaliza chinali chitenje. Lamulungu lina potuluka m'tchalitchi, Mukatimui anamupatsa chitenje chatsopano pamaso pa amayi onse a m'kwaya, amvekere n'chothokoza pomuonetsa mulu uja. Clementina anachilandira akumwetulira, amayi akuwomba m'manja. Ndiye kuti iye wasanduka wopatsidwa tsopano?

Lolemba m'mawa analawirira kumacheka. Sananame ayi, anangofunsa Ba Inyambo ngati akudziwa mtengo umene fakitale ikugulira thumba limodzi la zinyalala zawozo. Bamboyo anazimitsa makina kuti amve bwino, n'kumuuza abwerezenso. Clementina anabwerera kwawo mtima uli m'malo. M'maganizo mwake, Mukatimui azilipiritsidwa, atsikeko pang'ono. Koma iye, wa timatumba titatu, amene Ba Inyambo amudziwa kuyambira kale, ndani angamukanize?

Lachisanu anapita ndi wilibala yake monga mwa masiku onse. Anapeza mulu wazunguliridwa ndi waya waminga, lole ya fakitale itaima m'kati, amuna anayi akukweza ndi mafosholo. Ba Inyambo anali atapita okha kufakitale kuja n'kugwirizana nawo kuti azitenga utuchi wonse, mlungu uliwonse, mpaka kusesa.

"Ni bizinesi manje, amai," anatero Ba Inyambo akupukuta manja. "Olo kathumba kamodzi siningakupatseni. Nasaina."

Anapiye atsopano anali oti afika mawa lake, ndipo mvula inali itayamba. Clementina anathamangira kumacheka ena, koma mbiri inali itamutsogolera kale. Kulikonse utuchi unali ndi mwini, ndipo mtengo wake unali woti nkhuku sizingabweze. Anayala udzu, unanyowa. Anayala makatoni a kumsika, anawola m'masiku awiri. Pofika Lachiwiri anali atataya anapiye khumi ndi anayi, ena ataunjikana pakona, mapiko ali pansi.

Masana ake anamva wilibala ikulira pakhomo. Anali Mukatimui, maso atatupa, akukankha matumba awiri. Anafotokoza kuti ndi omaliza amene anatsala pa oyanika ake, kuti fakitale yamuuza kuti sikufunanso ogula apakati, ndipo sakudziwa kuti ayambira pati.

"Tengani, Ba Clementina," anatero. "Ine bizinesi yanga yasila, yatheratu, koma tunkhuku twanu tusafe."

Clementina anafuna kukana, koma m'kholamo anapiye ankalira. Anagwira thumba limodzi, mnzake linalo.

"Nanga amene anakauza Ba Inyambo za mtengo wa utuchi, simunamveko kuti ni ndani?" anafunsa Mukatimui.

Clementina anapukusa mutu. Anagwada m'kholamo, awiriwo n'kuyamba kumwaza utuchi ndi manja, uku Mukatimui akumuuza kuti anthu ndi oipa mitima, ndipo mu Libuyu monse watsala ndi mnzake mmodzi yekha womukhulupirira.